Zithunzi za kabuki: papepala pali munthu mmodzi koma mkatimo muli awiri, pena atatu

Pali chithunzi china cha ku Japan chomwe mwina munachionapo pa intaneti osadziwa kuti ndi cha ndani. Bambo wa nkhope yaitali, pakamwa atafinya, maso akuyang'ana cham'mbali moopseza, ndiye timanja tiwiri tating'ono tatulukira pachifuwa pa chovala chake zala zitatambasuka ngati akufuna kutsomphola kanthu. Kumbuyo kwake kulibe nyumba kulibe mtengo, kwangoti bii koma konyezimira. Anajambula ndi Tōshūsai Sharaku mu 1794 ndipo ambiri tikachiona timangoti eee nkhope yake yoopsa bwanji, basi nkupitirira.

Koma munthu wa mu Edo, womwe ndi Tokyo wa lero, samaona nkhope yoopsa chabe. Iyeyo amaona Ōtani Oniji wachitatu, wazisudzo yemwe amamudziwa bwinobwino, akusewera ngati Edobei, wantchito wachimbalangondo, m'sewero la kabuki, zisudzo zachikhalidwe za ku Japan, lomwe limaonetsedwa ku holo ya Kawarazaki-za mwezi wachisanu wa chaka chimenecho. Amadziwanso kuti manja ajawo akulunjika kwa ndani chifukwa pali chithunzi chinzake, cha Ichikawa Omezō akusewera ngati Ippei, dzanja lili pa lupanga, yemwe wanyamula ndalama zomwe Edobei akufuna kulanda. Mukaziika pamodzi zithunzi ziwirizi anthuwo amayang'anana. Ife timaona theka la ndewu nkumayesa kuti taona zonse.

Zithunzi zimenezi kwawoko amati yakusha-e, kutanthauza zithunzi za azisudzo, ndipo ndi nthambi imodzi ya ukiyo-e, zithunzi zodinda ndi matabwa zija zomwe chotchuka kwambiri ndi cha funde lalikulu cha Hokusai. Sanali munthu mmodzi wopanga ayi. Wojambula amalemba papepala lopyapyala, wosema nkulimata pa thabwa la mtengo wa cherry nkusema mizere yonse mpaka tsitsi limodzilimodzi, wodinda nkumapaka mtundu pathabwa nkumatikita pepala kumsana kwake ndi kachipangizo kozungulira kotchedwa baren, mtundu uliwonse thabwa lakelake, ndipo pamwamba pa onsewa panali wabizinesi, mwini shopu, yemwe amaika ndalama nkusankha kuti tijambule ndani. Zamitundu yambiri zinayamba cha m'ma 1765. Mtengo wake? Chithunzi wamba chimagulidwa pafupifupi mtengo wa mbale ya soba, chakudya cha anthu wamba cha m'misewu ya Edo. Ndiye musaganize kuti zinali za mabwana okhaokha, anthu amagula, nkumata pakhoma, nkusunga m'bokosi, sewero likatha ena nkutaya.

Ichi ndi chomwe chimanditopetsa ndi anthu ena akamalemba za zizindikiro za m'zithunzizi, amazitenga ngati chinsinsi chakuya cha anthu osinkhasinkha pansi pa mtengo. Ayi ndithu. Zizindikirozo zinali za masapota, zoti munthu akangoponya diso pashopu adziwe pompo kuti uyu ndi ndani, akusewera ngati ndani, ndi wabwino kapena woipa, ndi pati pasewero pamenepa. Kuya kwake kulipo koma kuli poti thupi limodzi lanyamula anthu angapo nthawi imodzi ndipo wogula amafuna kuwaona onsewo.

Poyambira ndi baji. Banja lililonse la azisudzo linali ndi chizindikiro chake chotchedwa mon, chomwe amachiika pachovala, paphewa kapena pamkono. Kalekale, nthawi ya ojambula a banja la Torii cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, nkhope za azisudzo m'zithunzi zimangofanana zonse, ndiye popanda baji kapena dzina lolembedwa pambali simukanadziwa kuti ndi ndani. A Torii chidwi chawo chinali pa mphamvu, miyendo yotupa minofu ngati zipanda ndi mizere yokhotakhota, yonenepa apa yowonda apo. Nkhope zofanana ndi eniake zinadzabwera pambuyo, makamaka ndi Katsukawa Shunshō cha m'ma 1760 ndi 1770, yemweyo amene anadzaphunzitsa Hokusai. Koma baji sinachoke. Yodziwika kuposa zonse ndi mimasu, mabokosi atatu a makona anayi lina mkati mwa linzake, omwe ndi miyeso yoyezera mpunga, baji ya banja la Ichikawa Danjūrō. Mukaona munthu wavala chimkanjo chofiirira chamanja aakulu owuma ngati zitseko ziwiri ndipo pamanjapo pali mabokosi atatu oyera, ameneyo ndi ngwazi ya m'sewero la Shibaraku, lomwe Danjūrō woyamba analiyambitsa mu 1697. Nkhani yake ndi yachidule, mkulu woipa walamula kuti anthu osalakwa aphedwe, malupanga akwezedwa kale, ndiye kumbuyo kwa holo kumveka mawu oti tadikirani kaye, ngwazi nkutulukira pa hanamichi, kanjira kokwera kodutsa pakati pa oonerera. Tsono taonani, ngwaziyo m'sewero ili ndi dzina lake ndi mbiri yake, koma chovala chake chikukuwa dzina la wazisudzo. Palibe amene amayesa kubisa kuti ameneyu ndi Danjūrō. Anthu analipira kuti adzaone Danjūrō, ndipo mpaka lero m'maholo a kabuki pamakhala akatswiri okuwa dzina la nyumba ya wazisudzo pa nthawi yake yeniyeni, a banja limeneli amawakuwira kuti Naritaya.

Dzina limenelo lichokera ku kachisi wa ku Narita komwe Danjūrō woyamba anakapemphera kuti apeze mwana, mwana nkubadwadi mu 1688. Mulungu wa pakachisipo ndi Fudō, wa nkhope yaukali, diso lina kumwamba lina pansi. Ndiye mukaona m'chithunzi wazisudzo maso atatong'ola, lina litapotokera kumphuno, musati wojambula analakwitsa. Imeneyo ndi mie, pomwe wazisudzo amaima nji pachimake pa sewero, mutu nkuuzunguza kamodzi nkuuma thupi lonse matabwa akuombedwa pambali. Zithunzi zambiri za kabuki zimagwira kanthawi kameneka. Ndipo kwa a Danjūrō kuyang'ana kumeneku kunapitirira sewero, anthu amakhulupirira kuti akakuyang'ana choncho chaka chonse sudwala chimfine.

Kenako mitundu ya kumaso, kumadori. Mizere yofiira pankhope yoyera, yochokera pamphuno ndi m'maso kukwera m'mwamba, ndi magazi otentha, mphamvu, unyamata, mkwiyo wa munthu wolungama. Kwenikweni ndi mitsempha ndi minofu ya nkhope yomwe aikuza kuti ioneke kwa munthu wokhala kutali m'holo yopanda magetsi. Mizere yabuluu ndi magazi ozizira, nduna yoipa ya kunyumba ya mfumu, kapena mzukwa wobwera kudzalipsira. Yabulawuni ndi ya zinthu zomwe si anthu, ziwanda, zilombo zosanduka. Koma samalani pamenepa, chifukwa nkhope yofiira yonse psuu, osati mizere chabe, kawirikawiri ndi ya kapolo wa woipa uja, chigawenga chopanda nzeru chongotumidwa. Ndiye kungoloweza kuti kufiira ndi ubwino mutha kusapota munthu wolakwika.

Kwa ife izi sizachilendo kwenikweni. Mwana wokulira kumudzi kwa Achewa chilombo chikangotulukira pabwalo sachita kufunsa, mtundu wa nkhope, nthenga, kavinidwe, zonse zamuuza kale kuti ndi ndani ndipo wabwera ndi phunziro lanji, pomwe mlendo amangoona chinthu choopsa chovina. Ndipo zinachitika kuti UNESCO inalengeza kabuki ndi Gule Wamkulu chaka chimodzi, 2005, pa mndandanda umodzi wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Koma kusiyana kwake nkwakukulu, kuguleko amene ali mkati satchulidwa ndipo sitiyankhula nkomwe zoti muli munthu, pomwe ku kabuki dzina la amene ali mkatiyo ndiye malonda ake.

Zizindikiro zina ndi zing'onozing'ono zoti diso lathu limangodumpha. Amuna a nthawi imeneyo amameta pamwamba pamutu, ndiye mukaona mwamuna pamalo ometawo tsitsi lamera nyankhalala, dziwani kuti zake sizili bwino, mwina ndi samurai, msilikali wa nthawi imeneyo, wopanda bwana, mwina mbava, mwina wadwala nthawi yaitali. Mkazi wa mano akuda ndi wokwatiwa, wamanja a chovala aatali olendewera ndi namwali, womanga lamba wake wamkulu kutsogolo kawirikawiri ndi wa ku Yoshiwara, dera la akazi osangalatsa amuna. Koma akazi onsewa si akazi. Kabuki anaiyambitsa ndi mkazi, Izumo no Okuni, ku Kyoto cha m'ma 1603, koma boma linaletsa akazi pasiteji mu 1629, anyamata achisodzera omwe analowa m'malo mwawo nawonso nkuletsedwa mu 1652, zonsezi chifukwa cha uhule ndi ndewu zomwe zimabuka pakati pa oonerera. Otsala anali amuna akuluakulu ndipo analamulidwa kumeta tsitsi lakutsogolo kuti asamakope anthu. Osewera ngati akazi, ma onnagata, anayamba kuphimba pometapo ndi kansalu, kenako kansaluko kanakhazikika kukhala kapepo, ndipo ngakhale mawigi atabwera kanatsalabe. Ndiye mukaona dona wokongola m'chithunzi ali ndi kansalu pamwamba pa chipumi, chithunzicho chikukuuzani poyera kuti ameneyu ndi bambo. Chinthu chomwe boma linaika kuti chichotse kukongola chinasanduka chokongoletsa, ndipo zoterezi m'nkhani ya kabuki zimangobwerezabwereza.

Vuto lake nloti mtundu wapepo umenewo pa zithunzi zakale unafwifwa. Utoto wake umachokera ku maluwa ndipo sumalimba padzuwa, ndiye zambiri zomwe timaona m'mamyuziyamu lero kansalu kaja kamaoneka kotuwa kapena kabulawuni. Munthu atha kulemba nkhani yaitali ya tanthauzo la mtundu wotuwa pomwe wodinda anaikapo pepo.

Amene amandisangalatsa kuposa onse ndi Sukeroku. Mumuzindikira ndi ambulera yake ya mzere wozungulira, chovala chakuda, chitoliro chosomeka kumsana, ndi mpango wapepo kumutu womangira kumanja. Kumanjako nkofunika. Pa kabuki mpango wapepo womangira kumanzere ndi wa wodwala, kaya thupi kaya chikondi, ndiye Sukeroku pomangira mbali inayo akunena kuti ine ndine wamoyo kuposa nonsenu. Ndi shasha ya mu Yoshiwara, chibwenzi cha Agemaki, amangoputa anthu dala kuti asolole malupanga. Koma chifukwa chomwe amaputira anthu nchoti akufunafuna lupanga lina lake lomwe linasowa, pakuti iyeyu kwenikweni si Sukeroku, ndi Soga Gorō wadzibisa. Soga Gorō ndi mkulu wake Jūrō ndi anthu a mbiri yakale, anapha Kudō Suketsune yemwe anaphetsa bambo awo, mu 1193, pa ulenje waukulu m'munsi mwa phiri la Fuji. Ndiye tawerengani, munthu wa m'zaka za m'ma 1100 akuyenda m'misewu ya Edo ya m'ma 1700 atavala fasho ya tsiku limenelo, ndipo amene wavala zonsezi ndi Danjūrō. Anthu atatu. Oonerera sizimawasokoneza olo pang'ono, masewero a abale a Soga amabwera chaka chilichonse nthawi ya chaka chatsopano, ndipo m'zithunzi abalewa sasowa, Gorō wopsa mtima amavala chovala cha agulugufe, Jūrō wofatsa cha timbalame ta m'mbali mwa madzi totchedwa chidori. Wojambula atha kungoika agulugufe pa chovala cha munthu wina aliyense, ngakhale mkazi, ogula nkudziwa kuti apa akutikumbutsa Gorō.

Kusakaniza nthawi kumeneku sikunali kusewera chabe, kunalinso kuzemba boma. Ma shogun a banja la Tokugawa, akuluakulu ankhondo omwe amalamulira Japan nthawi imeneyo, samalola kuti nkhani zenizeni za masiku amenewo zokhudza mabanja a ma samurai zionetsedwe pasiteji kapena kudindidwa. Ndiye mu 1701 kunachitika nkhani yomwe inagwedeza dziko, bwana wa dera la Akō, Asano, anatema nduna ina dzina lake Kira mkati mwa nyumba ya shogun, nkulamulidwa kudzipha tsiku lomwelo, anthu ake nkusanduka opanda bwana. Patatha pafupifupi zaka ziwiri, 47 mwa iwo motsogozedwa ndi Ōishi Kuranosuke anathyola nyumba ya Kira usiku nkumudula mutu, pambuyo pake 46 mwa iwo nawonso nkulamulidwa kudzipha, manda awo ali ku kachisi wa Sengakuji mpaka lero. Nkhani ngati imeneyi azisudzo angaisiye? Mu 1748 kunatuluka Kanadehon Chūshingura, poyamba ngati sewero la zidole kenako kabuki, ndipo olemba anangoinyamula nkhani yonse nkukaiika m'zaka za m'ma 1300. Kira anakhala Kō no Moronao, Asano anakhala En'ya Hangan, Ōishi Kuranosuke anakhala Ōboshi Yuranosuke, dzina lomwe ngakhale mwana atha kumva kuti angolipotoza pang'ono. Mabaji ndiye sanavutike nkusintha komwe, Yuranosuke m'zithunzi amavala timadontho tiwiri tamichira tozungulirana, baji ya banja la Ōishi lenileni, ndipo Hangan amavala nthenga ziwiri za kabawi zopingasa, ya banja la Asano. Dzina likuti ndi nkhani yamakedzana, chovala chikuti ndi yomwe ija mukuidziwayi. Kuyambira cha m'ma 1790 chithunzi chilichonse chimayenera kudutsa kwa oyang'anira nkudindidwa kachidindo kovomereza, kamene mumakaona kozungulira pafupi ndi siginecha ya wojambula, ndipo oyang'anirawo zonsezi amaziona, sanali akhungu, koma lamulo limakamba za mayina. Malaya a mano a sowo akuda ndi oyera omwe 47 aja amavala m'zithunzi ndi a pasiteji, koma anakhazikika mwakuti mukangowaona pa chipale chofewa simufunanso kuwerenga mutu wa chithunzi.

Mu 1842 zinafika poipa. Boma pofuna kuthetsa zomwe limati moyo wotayirira linaletsa kudinda zithunzi za azisudzo ndi za akazi a ku Yoshiwara, maholo akuluakulu anasamutsidwira kunja kwa tawuni ku Asakusa, ndipo Danjūrō wachisanu ndi chiwiri anathamangitsidwa mu Edo pa mlandu wokhala moyo wapamwamba kuposa msinkhu wake, pakuti azisudzo ngakhale anali otchuka chotani pamalamulo anali anthu apansi zedi. Apa ndi pomwe Utagawa Kuniyoshi anaonetsa ukathyali wake. Anajambula amphaka atavala zovala za pasiteji, nsomba, akamba, zonse zili ndi nkhope zoti sapota aliyense akangoona akuseka kuti haa uyu ndi uje. Cha m'ma 1847 anatulutsa zina zooneka ngati zolembalemba za ana pakhoma la nyumba yosungira katundu, mizere yokhotakhota ngati wakanda ndi msomali, koma nkhope iliyonse ndi ya wazisudzo wodziwika. Tangoganizani wosema waluso atakhala pansi kusema mosamala chinthu choti chioneke ngati chajambulidwa mosasamala. Lamulo litayamba kufooka zithunzi za masewero zinabwerera koma kwa zaka zambiri zimangolembedwa dzina la munthu wa m'sewero, la wazisudzo osalemba, poti nkhope ndi baji zimakwanira.

Nkhope zinafika pokhala zizindikiro pazokha. Matsumoto Kōshirō wachisanu, katswiri wosewera anthu oipa, anali ndi chimphuno chachitali ndi kadontho kakuda pamwamba pa nsidze, ndipo ojambula samaziiwala. Anasewera bwino mbali zina mwakuti azisudzo apambuyo pake posewera mbali zomwezo amadzijambula kadontho komweko pomulemekeza. Zovala nazo zimachoka pasiteji nkulowa mumsewu kudzera m'zithunzi zomwezi. Dizayini ya mabokosi akuda ndi oyera osinthana ku Japan imatchedwa ichimatsu chifukwa cha Sanogawa Ichimatsu yemwe anaivala pasiteji mu 1741 akazi nkuyamba kuisaka, ndipo ndi yomweyo inali pa chizindikiro cha masewera a Olimpiki a Tokyo 2020.

Za Sharaku ine maganizo anga ndi oti ndi khomo lolakwika lolowera m'nkhaniyi ngakhale ndi amene amatikoka tonse. Anagwira ntchito miyezi pafupifupi 10 yokha, kuyambira 1794 mpaka kumayambiriro kwa 1795, zithunzi pafupifupi 140, zonse kudzera kwa wabizinesi mmodzi, Tsutaya Jūzaburō, kenako zii. Akatswiri ambiri amati anali Saitō Jūrōbei, wosewera zisudzo za mtundu wina zotchedwa Noh. Zoyamba zake 28, za mitu ikuluikulu pa mdima wonyezimira uja, ndi zamphamvu zedi, koma iyeyu amaonetsa kwambiri bambo amene ali pansi pa penti, chibwano chachimuna cha onnagata, makwinya, timaso tating'ono, ndipo zolembedwa za nthawi yomweyo zimati anafuna kujambula zoona mopitirira muyeso nchifukwa chake sanakhalitse. Kutchuka kwake kwa lero kunakula Mjeremani wina, Julius Kurth, atalemba buku la iye mu 1910. Amene anthu a mu Edo amamugula ndi manja awiri anali Utagawa Kunisada, yemwe anamwalira mu 1865 atasiya zithunzi zoposa 20,000, zambiri mwa izo za kabuki, ndipo kwa nthawi yaitali akatswiri a kunja amamunyoza kuti ndi wamalonda chabe, zodzadza mitundu, zaphokoso. Koma phokosolo ndiye nkhani yake. Kunisada amadziwa kusunga onse awiri, wazisudzo aoneke kuti ndi iyeyo koma ulemerero wa munthu wa m'sewero usagwe, ndipo chovala chilichonse, duwa lililonse lakumbuyo, ndakatulo ili pamwambayo, zonse zili ndi ntchito. Kumuwerenga Kunisada kumafuna kudziwa masewero, Sharaku atha kukugwira ngakhale sudziwa kanthu, mwina nchifukwa chake alendo tinasankha Sharaku.

Wazisudzo akamwalira kumatuluka mtundu wina wa zithunzi, shini-e. Umu malemuyo amavala chovala chabuluu wotuwa, m'manja mikanda yopempherera, pambali tsiku lomwalira, zaka zake, dzina latsopano lomwe ansembe achibuda amapatsa womwalira, kachisi komwe waikidwa, ndi ndakatulo yotsanzika. Danjūrō wachisanu ndi chitatu, mnyamata wokongola yemwe akazi a mu Edo amamufera, anadzipha ku Osaka mu 1854 ali ndi zaka za m'ma 30 koyambirira, ndipo zithunzi za imfa yake zinatuluka mitundu yoposa 100. Zina zinatengera chithunzi chopatulika cha imfa ya Buddha, chomwe Buddha amagona chammbali ophunzira ake ndi nyama zonse zikulira momuzungulira, koma apa wogonayo ndi Danjūrō ndipo olirawo ndi akazi okhaokha, atsikana, amayi apabanja, agogo, pena ndi mphaka yemwe. Ndi maliro ndi nthabwala nthawi imodzi ndipo ogula samaona vuto. Mashopu amathamangitsana kuti atulutse msanga anthu asanaiwale, ambiri osalemba dzina la wojambula kapena kudikira chidindo cha oyang'anira, ndiye mupeza zithunzi za munthu mmodzi yemweyo zikusiyana tsiku lomwalira, zaka, ngakhale dzina la kachisi, ndipo ena amangotenga thabwa lakale la sewero lina nkusema mutu watsopano nkuwonjezera mikanda m'manja.